Madzi Atabwerera m'Bafa

Munali m'mwezi wa Ramadhan wa chaka cha 2024. Titatha kudya daku, mayi a kunyumba analowa m'bafa kuti akachite udhu, ndipo posakhalitsa tinamva akuitana: "Abambo, tabwerani mudzaone malodza." Pansi ponse panali madzi akuda, onunkha, akutumphuka pa kabowo kamene madzi osamba amatulukira. Anali atadutsa kale pa chitseko, ndipo mswala umene mwana anaiwala panjira yopita kuzipinda unali utanyowa mbali imodzi.

Tiulule, abale ndi alongo, kuti choyamba chimene tinachita chinali kudzutsa ana ndi kuwakalipira. Tinali titaweruza kale kuti wina wataya chisanza m'chimbudzi. Ife amene timaphunzitsa ana a eni ku madrassa mutu wa twahara, amene tinakhala zaka ku koleji tikusanthula za madzi oyera ndi a najisi, tinapezeka kuti sitidziwa kumene madzi a m'nyumba mwathu amalowera akachoka pamaso pathu.

Titatha Swala ya Subuhi tinadandaulira mkulu wina wa pa mzikiti pathu, mmisiri amene wamanga nyumba zambiri kuno ku Mangochi. Tinamuuza kuti sitolo ikangotsegulidwa tikagula soda wa kositiki tikathire. Iye anapukusa mutu. "Amwalimu, ndalamayo isungeni kaye. Munthu simumpatsa mankhwala musanamfunse pamene pakumpweteka."

Atafika kunyumba sanakhudze chida chilichonse. Anatuma mwana kuti agejemule chimbudzi, ife tikuyang'ana kabowo ka m'bafa. Madzi anakwera. Apo m'pamene anayamba kutiphunzitsa, ife titaimirira ngati ophunzira a chaka choyamba. Mapaipi a m'nyumba ali ngati timitsinje tothira mu mtsinje waukulu. Wa sinki ndi wa bafa ndi aang'ono, mamilimita 40 kapena 50, pamene wa chimbudzi, umene umanyamula zonse kupita nazo kunja, ndi wa 110. Ngati sinki yokha ndiyo ikuchedwa kumeza madzi, kwina konse kuli bwino, chotsekacho chili pafupi: tsitsi, sopo, mafuta. Mumamasula kapaipi kopindika ka pansi pake, kapena kulowetsa waya, nkhani yatha. Koma mukagejemula chimbudzi madzi n'kutulukira m'bafa, dziwani kuti chotsekacho chili mu paipi wamkulu, kutsogolo kwa pamene onse akumanirana. Madzi asowa njira, ndiye akutulukira pa bowo lotsika kuposa onse m'nyumbamo. Pamenepo mpira wopopera ndi soda n'kungotaya nthawi.

Kenaka tinapita kuseri. Pakati pa nyumba ndi septic tank pali maenje awiri ovindikira ndi simenti, amene amisiri amati manhole. Zaka zonsezi ife tinkangoikapo beseni. Tinatsekula loyamba: lodzaza mpaka pamlomo. "Likanakhala louma," anatero mkuluyo, "tikanadziwa kuti vuto lili pakati pa pano ndi nyumba. Tiyeni kutsogolo." Lachiwiri, loyandikana ndi tanki, linali louma gwa. Motero popanda kukumba kapena kugumula, tinadziwa kuti chotsekacho chili m'mamita asanu ndi limodzi a pakati pa maenje awiriwo.

Tinafunsa kuti zikanakhala bwanji onse awiri akanadzaza. Yankho lake likukhudza mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja. Zikatero mumayang'ana tanki. Mwina yadzaza ndi matope a zonyansa, pakuti imafuna kupopedwa pakatha zaka zitatu kapena zisanu, malinga ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo. Mwinanso dzenje lomwetsa madzi pansi, la soak pit, lakana kumwa. Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, ndipo madzi a pansi pa nthaka anakwera nawo. Dzenje lokhuta kale silingamwenso, ngakhale mutakumba mapaipi onse. Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa madzi olowa m'mapaipi, kuchapira kunja, ndi kuitana galimoto yopopa, ngakhale kuti nthaka ikakhala yokhuta tankiyo sichedwa kudzazanso. Anatichenjezanso mwamphamvu kuti munthu asalowe m'tanki kapena kusuzumiramo mutu, ndipo asayatse machesi pafupi. Mpweya wa m'menemo umakomola ndi kupha, komanso umayaka.

Anabwera ndi ndodo zake zolumikiza, nayamba kukankha kuchokera ku dzenje loumalo. Choyamba kutuluka unali mchenga, wambiri ndithu, wosakanizana ndi phulusa, mafuta oundana ndi mamba a nsomba. Kenaka panatuluka chinthu chonga ndevu zazitali. Inali mizu. Tonse tinatembenuka kuyang'ana mtengo wa nimu umene ife eni tinadzala ndi manja athu zaka zisanu zapitazo, kuti tizikhala pa mthunzi pochonga mabuku a ana. Mizu inapeza polumikizira pamene pankadontha, inalowa, n'kukhala ngati ukonde wogwira chilichonse chodutsa. Mchengawo nawo mwini wake sanasowe. Ndani pakhomopo amene amabwera kuchokera kunyanja n'kukatsuka mapazi ndi nsapato m'bafa? Chisanza cha ana sichinapezeke. Mayi a kunyumba sananene kanthu, anangotiyang'ana. Kupepesa ana ako uli pa swaumu, mmisiri akumvetsera, si chinthu chopepuka, koma tinapepesa.

Zizindikiro zinalipo, ife tinkangozinyalanyaza. Kwa milungu ingapo chimbudzi chinkalira kuti bwibwibwi munthu akataya madzi ochapira, ndipo madzi ankayamba akwera kaye asanatsike. Phokoso lotere nthawi zina limachokera ku paipi yotulutsa mpweya, ija yoimirira pakhoma mpaka kudenga, mbalame zikamangamo chisa. Fungo lokha popanda madzi kawirikawiri si kutsekeka ayi: ndi madzi a m'kapaipi kopindika amene auma, ndipo mukathirapo jagi imodzi fungo limatha. Chizolowezi chathu chodziyeretsa ndi madzi chimapeputsa ntchito ya mapaipi, koma matewera otaya, mapadi a amayi ndi timapepala tonyowa topukutira ana sizisungunuka, zisapite m'chimbudzi.

Panatsala ntchito yotsuka. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Ana tinawaletsa kulowa. Tinavala majombo ndi magolovesi, tinakokolola ndi madzi ndi sopo, kenaka tinathira Jik wa 3.5 peresenti, kapu imodzi m'makapu asanu ndi limodzi a madzi, n'kumusiya mphindi khumi mazenera ali otsekula. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa amatulutsa utsi wowononga mapapo. Pomaliza tinayendetsa madzi oyera pansi ponse ndi pa mswala uja mpaka mtundu ndi fungo zitachoka, pakuti Jik amapha tizilombo koma najisi imachotsedwa ndi madzi. Apa pokha m'pamene mmisiri anatifunsa ife, osati ife kumufunsa iye.

Paipi tinaikumba sabata yomweyo ndi kusintha polumikizira paja. Za mtengo tinakambirana masiku angapo, ana akuupempherera, mmisiri akuti mizu ya nimu ikalawa madzi imabweranso. Tinaudula Eid itadutsa. Chitsa chake mayi a kunyumba amakhalapo popala nsomba, ndipo mamba amakataya kudzala. Mabuku timachongera pakhonde.