Sitalaka Pakhomo Uli M'dziko la Eni

Anzanga a m'gulu lino, ambiri mwa inu muli ndi m'bale ku Joni, ndipo ena mukusonkhanitsa ndalama za pasipoti kuti chaka chamawa mukwere basi. Obwera kumeneko amakuuzani za lendi, za kuzizira, za apolisi ofunsa mapepala pamsewu. Koma sindinamvepo munthu akuchenjeza mnzake za phokoso la sitalaka. Ine ndinakhala nalo mwezi wathunthu pakhomo penipeni, ndiye sabata ino ndati ndikuuzeni mmene limamvekera ukakhala mlendo.

Ife tinachoka kwa Mwambo mu 2013. Amene mumadziwa Nyanja ya Chilwa mukukumbuka mmene madzi anathawira mu 2012, mabwato n'kumangokhala pamatope ku Kachulu. Geni yanga inali ya matemba, kupikula kudoko kukagulitsa ku Zomba, ndiye nyanja itaphwa mpamba unaphwa nawo. Bambo a kunyumba amadziwa zowotcherera zitsulo. Tinapeza kachipinda kumbuyo kwa nyumba ina ku Germiston, pafupi ndi mafakitale a ku Wadeville, iwo n'kuyamba ntchito, ine n'kuyamba kukazinga mandasi amene kumeneko amati magwinya, ndi tiyi m'mafulasiki, kumagulitsa m'mamawa kwa anthu olowa pageti. Mwana wathu anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi.

Pa 1 July 2014 bungwe la ogwira ntchito za zitsulo la NUMSA linayamba sitalaka m'dziko lonse. Anthu pafupifupi 220,000 anasiya ntchito tsiku limodzi. Ankafuna malipiro akwere ndi 12 peresenti, ankafunanso kuti athetsedwe makampani aja olemba anthu n'kumawabwereketsa kumafakitale, amene amawatcha ma labour broker. Ku Wadeville fakitale zambiri n'zazitsulo, ndiye mutha kuona kuti chinthucho chinatera pamsewu pathu.

Linkayamba kusanache. July kumeneko ndi mwezi wozizira koopsa, ndipo choyamba kufika m'chipinda sichinali mawu, linali fungo la matayala amene ankawotcha pothawa mphepo. Kenako mluzu umodzi. Kenako vuvuzela. Ikamakwana 6 koloko nyimbo zayamba, amuna mazanamazana kuyimba ndi mawu apansi, mmodzi kutsogolera ena kuyankha, ndipo akayamba toyi-toyi, kuja kopondetsa mapazi onse nthawi imodzi, makapu apashelefu ankagundana. Sindikukokomeza ayi. Malata a chipinda chathu ankanjenjemera ngati kukudutsa sitima. Ena ankamenya zibonga pamageti achitsulo, ndipo chitsulo chikamenyedwa m'mamawa kozizira kulira kwake kumalowa m'mano. Mwana ankadzidzimuka n'kulira mpaka kusanza. Masana phokoso linkasamukira kugeti ina, madzulo n'kubwerera. Usiku, pamene umati tipume, anthu ankakuwa m'mashebini chifukwa unali mwezi wa World Cup ya ku Brazil, uja Germany inachinya Brazil 7-1. Tulo m'mwezi umenewo ndinkachita kuba.

Musaganize kuti ndine munthu woopa phokoso. Ndinakulira kumene ng'oma za chinamwali zimachezera usiku wonse, kumene tchopa akavuta fumbi limafika kumudzi wina, ndipo ntchito yanga ndi ya mumsika. Pa Jali tsiku la msika mungamve mnzanu? Koma kwathu phokoso lililonse umalidziwa mwini wake. Ukamva kulira umadziwa kuti ndi maliro a kwa uje, ukamva mkuwe umadziwa kuti agwira wakuba nkhuku, ndipo umadziwa ngati zikukukhudza kapena ayi. Ku Germiston nyimbo zinali m'Chizulu ndi m'Chixhosa, ine ndinkangotolako mawu awiri atatu. Anthu akuyimba mokwiya panja pako, iwe sukudziwa amene amukwiyira. Mtima umangoganiza chinthu chimodzi: kodi akunena za ife?

Ndipo mantha amenewo sanali opanda pake. Pa sitalaka pali dzina limene sufuna kuti akutchule nalo, igundane, kutanthauza khoswe. Ndi munthu amene walowa kuntchito anzake atanyanyala. Akamugwira amamukwapula ndi masijamboko, ena amawavula. Tsopano taganizirani amene bwana angamuitane mwakachetechete kuti alowere geti yakumbuyo. Ndi uja alibe khadi la bungwe, uja mapepala ake ndi okayikitsa, uja kwawo akudikira ndalama ya feteleza. Ndi Mmalawi, Mzimbabwe, Mmozambiki. Amuna anga analembedwa kudzera mwa ma broker omwewo, sanali membala wa bungwe lililonse, ndipo sabata yachiwiri foni inalira: bwerani usiku, galimoto idzakutengani pakona, tikupatsani kawiri. Lendi inali itayandikira. Tinakhala pabedi mpaka pakati pa usiku tikuwerengera. Ine ndinawauza kuti, "Bambo ake, ndalama imeneyo idzakwana bokosi lopita nalo ku Zomba?" Sanapite. Mnyamata wina wa ku Machinga amene tinkapemphera naye limodzi pamaliro a Amalawi anapita, ndipo anabwerako dzanja lili m'pulasitala.

Amene anandiphunzitsa kumva phokosolo anali mayi wina wachikulire wa pachipinda choyandikana nafe, Msotho, amene anagwira ntchito mufakitale zaka zambiri asanapume. Tonse tinkangomuti Mama. Tsiku lachitatu anandipeza nditatseka chitseko ndi mpando, mwana kumbuyo, chikwama m'manja. Anaseka kaye, kenako anandikhazika pansi. Anati bola akuyimba, mwana wanga, usaope. Anthu oyimba ali pamodzi, ali ndi owatsogolera, akudikira kuti abwana atuluke adzalandire chikalata. Uziopa nyimbo ikaduka pakati. Ukamva zii, kenako mapazi othamanga mosagwirizana, pamenepo tseka mazenera. Anandiphunzitsanso kusiyanitsa kulira kwa mfuti. Kuphulika kwakukulu kamodzi ndi bomba longoopseza, kulira kogonthagontha ndi zipolopolo za rabala. Ndipo ukaona chigalimoto cha apolisi chija amati Nyala chikukhota pakona, usayime kuonerera.

Mayiyo anandiuzanso chinthu chimene chinandithandiza kuposa zonse, choti sitalaka yeniyeni kumeneko sigwa ngati mvula. Lamulo lawo limafuna kuti mkangano uyambe wakambidwa, ukalephereka bungwe lipereke chidziwitso cha maola 48 lisananyanyale. Ndiye zimalengezedwa pawailesi, ndipo oyendetsa mataxi amadziwa tsiku ndi msewu umene gulu lidutse. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse ndinkapita kwa Mama kukafunsa kuti mawa ali kuti. Phokoso lake linali lomwelo, koma ukalidziwa nthawi yake mutu supweteka chimodzimodzi.

Zina tinkangodziphunzira tokha. Mwana ndinamusinthira nthawi yogona, azigona masana gulu likapita kutali. Pazenera ndinapachika bulangete, mpata wapansi pa chitseko n'kutsekapo chitenje chonyowa chifukwa cha utsi wa matayala ndi utsi wokhetsa misozi uja. Mapasipoti, khadi la kusikelo la mwana ndi ndalama yokwana basi ya ku Blantyre zinali m'jumbo limodzi, pamalo poti ungalitole mumdima. Panja sitinkayankhula Chichewa mokweza. Amuna anga ovolosi ndi nsapato zantchito anazibisa pansi pa bedi, chifukwa kungooneka nazo m'mamawa anthu akuyesa ukupita kukalowa. Amalawi a m'deralo tinkaimbirana foni kuuzana msewu wotsekedwa. Anzathu Achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga anali pa Ramadani mwezi womwewo, ankadzuka usiku kudya dakwi, ndiye iwowo ndiwo ankayamba kuona kumene moto wayatsidwa n'kutidziwitsa.

Koma nkhani imene inandisowetsa mtendere kwambiri inali ya geni. Amene ankachita phokoso panja paja anali makasitomala anga. Uja ankatsogolera nyimbo atavala sikipa yofiira, maso ali psuu, ndi yemwe uja ankagula magwinya atatu tsiku lililonse n'kumandifunsa kuti mwana wadzuka bwanji. Pa sitalaka tsiku losagwira ntchito salipidwa, ndiye pofika sabata yachitatu anthu aja analibe ngakhale ya buledi. Ine ndinakhala masiku asanu osayatsa chiwaya. Lachisanu ndi chimodzi Mama anati tiye, ndikuperekeza. Tinanyamula fulasiki ndi beseni mpaka pamene ankawotha moto. Miyendo inkanjenjemera, sindikubisirani. Mmodzi anakuwa kuti Malawi wabwera, ena n'kuseka, n'kundipatsa malo pafupi ndi moto. Tsiku limenelo beseni linatha koma ndalama imene ndinabwera nayo sinakwane n'theka lomwe. Zotsalazo zinalowa m'kope.

Amalonda anzanga mukudziwa kuti kope la ngongole ndi limene limapha geni. Pamsika ndimakana ngakhale achibale. Koma kumeneko ndinaona kuti kopelo likugwira ntchito ina. Munthu amene dzina lake lili m'kope mwako amakudziwa, amadziwa chitseko chako, ndipo tsiku limene anyamata ena osadziwika anayamba kugogoda m'mayadi kufunsa kuti muno mukukhala ndani, anali mmodzi wa a m'kope aja amene anawauza kuti apa pitirirani. Sindikunena kuti mandasi amagula chitetezo. Ena anawotcheredwa mashopu ndi anthu omwe ankawakongoza. Ndikungokuuzani zimene zinachitika pachitseko changa.

Mwina mukufuna kudziwa kuti ndinali mbali iti. Kukwapula munthu chifukwa wapita kukasaka chakudya cha ana ake sindingakuvomereze, zivute zitani. Koma anthu aja sankayimba chifukwa cha misala. Zaka ziwiri zokha zinali zitapita chichitikire za ku Marikana, kumene pa 16 August 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin amene ankafuna malipiro a R12,500 pamwezi. Chaka chomwecho cha 2014 a m'migodi ya platinum anali atangomaliza sitalaka ya miyezi isanu. Aliyense woyima pageti paja ankadziwa kuti zikhoza kuthera pamfuti, koma ankabwerabe m'mamawa uliwonse, m'mimba muli pululu. Ine ndinkawayang'ana n'kumaganiza za anyamata okoka makoka ku Chilwa, amene amalowa m'madzi usiku wonse mwini khoka ali gone, ndi amayi opalira mpunga ku Likangala amene amalandira chimene mwini munda wanena basi. Amenewo akayimbire pageti ya ndani? Nafenso tinachitapo, musaiwale. Mu May 1992 ogwira ntchito ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala Kamuzu akadali pampando, ndipo mu February 2013 ogwira ntchito m'boma anafika potseketsa bwalo la ndege ku Lilongwe. Kungoti kwathu ukamva zoterozo umadziwa kuti akuyimbawo ndi alamu ako ndi aphunzitsi a mwana wako, ndipo palibe angakuloze chala kuti ndiwe wabwera kudzalanda ntchito.

Sitalaka inatha kumapeto kwa July, masiku omwewo anzathu ankadya Idi. Olandira pang'ono anawakwezera ndi 10 peresenti. Ma broker sanathetsedwe. Amuna anga anabwerera kuntchito pamalipiro omwe aja akale, chifukwa pangano lija kwa iwo silinafike, ndipo lendi ya mweziwo tinalipira ndi ndalama yobwereka kwa mnzathu wa ku Phalombe. A m'kope ambiri anabweza atalandira kumapeto kwa August, ena anawonjezerako ya mwana. Atatu sindinawaonenso.

Chimene chinatichotsa kumeneko chinabwera chaka chotsatira. Kumapeto kwa March 2015 ku Isipingo, kufupi ndi Durban, kunali mkangano wa ogwira ntchito pasitolo ina yaikulu, ndipo kunamveka mphekesera yoti mwini wake walemba alendo m'malo mwa onyanyala. Pasanathe masabata awiri alendo ankathamangitsidwa m'nyumba zawo ku Durban, kenako zinafika ku Jeppestown ndi ku Alexandra, kumene Emmanuel Sithole wa ku Mozambique anabayidwa masanasana pa 18 April anthu akujambula. Boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Nthawi imeneyo kunalibe nyimbo, kunalibe sikipa zofiira, kunalibe woti ungamufunse kuti mawa ali kuti. Mama anabwera yekha m'chipinda mwathu usiku n'kunena kuti izi sindikuzidziwa, mwana wanga, tenga jumbo lako lija. Ine ndi mwana tinanyamuka sabata yomweyo. Bambo ake anatsala mpaka 2017, chiwaya ndi mafulasiki anga anasiyira mayi wina wa ku Mulanje amene anali atangofika kumene.