Mphamvu ya mfuti ya gasi ili m'kalabala

Masiku ano mnyamata akagula sikuludiraiva n'kuonera mavidiyo angapo pa YouTube, basi wasanduka mmisiri wa mfuti za airsoft. Nzeru yake ndi imodzi: kuchotsa slide yapulasitiki, kuikapo yachitsulo yolemera, kupopa gasi waukali, n'kulipiritsa theka la mtengo wanga. Mwezi usanathe mfuti ija imafika pa benchi langa kuno ku Leicester, mwiniwake nkhope ili gwa.

Za kumasula ndi kupukuta sindinena, aliyense amadziwa. Chomwe anyamatawa sachimvetsa n'chakuti gasi wa m'magazini ndi wamadzi, ndipo amagwira ntchito ziwiri: kukankha kampira ka mamilimita 6 ndi kubweza slide m'mbuyo. Ukawomba, madziwo amasanduka mpweya n'kuziziritsa magazini. Green gas, yemwe ndi propane wothira mafuta a silikoni, amakankha ndi mphamvu yoposa 8 bar pa madigiri 20, koma pa ziro safika n'komwe pa 5. Ndiye slide yolemera mu Januwale wa ku England iyenda bwanji? A kampani ya Tokyo Marui sanapangire umphawi mfuti yawo ya Hi-Capa ndi slide yapulasitiki. Anaipangira gasi wofatsa wa HFC134a, m'dziko lakwawo lomwe lamulo silola mfuti zotere kupyola 0.98 joule, ndipo kupepukako n'komwe kumaithandiza kumaliza magazini.

Ine nthawi yanga imathera pa piston head, kalabala kamene kamatseka mpweya m'kati mwa nozzle. Kakathina, slide imayenda mokoka mwendo. Kakakhwepa, gasi amathawira m'mbali, mfuti n'kumangofuka utsi woyera. Ndimatseka kukamwa kwa nozzle ndi chala n'kuikankha: ikabwerera yokha, zili bwino, ikalowa phee, kalabalako katha. Mafuta ndi a silikoni basi, kadontho kamodzi. Mafuta a galimoto amatupitsa labala, ndipo silikoni yemweyo akafika pa labala wa hop-up, yemwe amazungulitsa kampira potuluka, timipira timangouluka mwachisawawa.

Izi anandiphunzitsa bambo wina wachikulire wochokera ku Hong Kong, amene ndinkamusesera m'shopu. Miyezi yoyamba sanandilole kugwira mfuti, koma magazini okhaokha. Ankati ndiwadzaze chozondotsa, ndiwaike pakhutu, ndinene ngati akutaya pa valavu yothirira, pa valavu yotulutsira kapena pansi. Ndikayankha msanga ankangondibwezera osanena kanthu, n'kupitiriza kumwa tiyi wake wopanda mkaka. Timalabala takale sankataya. Ankatinyika m'silikoni m'kabotolo ka jamu, tina n'kudzukadi. Kasitomala wofuna gasi waukali ankamuonetsa kabokosi kodzaza ma nozzle osweka, kenako n'kumufunsa ngati akufunabe. Mwambo wosiya kagasi pang'ono m'magazini posunga, kuti malabala asaume, ndinautengera komweko.

Zitsulo sindidana nazo. Slide ya aluminiyamu yopepuka ndi yabwino, ndipo timabafa pa ndodo ya sipuling'i timafupikitsa ulendo wa slide n'kupulumutsa gasi. Koma kachitsulo kolimba kamodzi pakati pa zofewa kali ngati mbuzi m'munda wa nyemba: hamala ya stilo imadya sear yofewa yomwe imaigwira, ndiye ukasintha imodzi usinthe zonse zokhudzana. Sipuling'i ya hamala yolimba kwambiri imamenya valavu mwankhanza, gasi n'kumatayika pachabe.

Nanga mphamvu yonseyo n'njachiyani, poti mabwalo ambiri kuno amaletsa kupyola liwiro la 350 fps ndi kampira ka 0.20g? Koma munthu amabwera ndi thumba la zida zonyezimira za pa intaneti, n'kuti, “Achimwene, mungondiikira izi, si ntchito yambiri.” Ndikamuuza kuti theka la zimenezo silikwana popanda tupa, ndipo kupala ndi tupako n'kumene ndimalipiritsa, amayamba kunenerera ngati tili pa msika wa kaunjika.