Kambalame ka ku Himalaya kanatiphunzitsa kukamba pa wailesi

Tinali kufunafuna kulira kwa mbalame pa intaneti kuti tiziyambira nako pulogalamu ya m'mawa. Ndiye tinapeza kambalame kocedwa plumbeous water redstart. Kamakhala pa miyala ya m'mitsinje yothamanga ku mapiri a Himalaya ndi ku China. Kamphongo ndi ka buluu wotuwa, mcira wofiira, ndipo kamautambasula uku kakusaka tizilombo m'mbali mwa madzi.

M'mahedifoni mtsinje unali kulindima, koma kamluzu kake kanali kumveka bwinobwino. Mnzathu wa pa makina anatimasulira kuti phokoso la madzi lili ngati besi, ndiye kambalameko kamayimba ndi kamau kakuthwa kamene madzi sangakameze.

Tinacita manyazi. Omvera athu ali m'maminibasi ndi pa msika, ndipo miyezi yonseyi tinali kukuwa pa maikolofoni poganiza kuti ndiye adzatimva. Amai ena ogulitsa tomato anatumizapo uthenga: "Ana anga, timva congo cabe, nkhani sitiimva."

Manje tikamba pang'onopang'ono, mau afupiafupi, ndipo nyimbo ya pansi timaicepetsa. Kamluzu kaja ndiko kamatsegula pulogalamu yathu.