Kalata kwa mng'ono wanga amene wabwerera ku sukulu

Mng'ono wanga wokondedwa,

 Uthenga woti wayamba maphunziro a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata ku MUBAS, kumene enafe timangoti ku Poly, watisangalatsa kwabasi. Mayi atamva anaimirira n'kuyamba kululuta. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa zimene ndikufuna kunena zikukhudzanso ife abale ako, komanso amayi ambiri amene masana ali pa ntchito, madzulo ali m'kalasi, usiku ali pa mbaula.

Wandiuza kuti ntchito ku Limbe ikupitirira monga kale, sukulu yayamba ndi mphamvu, ndipo kuchipatala akuuza kuti BP yako yayamba kukwera, choncho uziyenda ndi kulimbitsa thupi. Koma mawu ako omaliza ndiwo andisowetsa mtendere. Wati zolimbitsa thupi uziona ukadzamaliza sukulu, ndipo nthawi yowerenga uziipeza pochepetsa tulo. Pamenepo ndiye ndakana. Nthawi ya sukulu usaitenge ku tulo tako, usaitengenso ku thanzi lako. Uitenge kwa ife, anthu amene takhala tikudya nthawi yako popanda kuiwerenga.

Tiye tiwerengere limodzi. Sabata ili ndi maola 168. Lamulo la ntchito la dziko lino la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula a ovataimu. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse, ndiye maola 49 apita. Atsala 71. Mwa amenewa, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likungopempha mphindi zosachepera 150 zoyenda mwamphamvu kapena kuchita china chofanana nacho, ndiye kuti maola awiri ndi theka basi. Ukuona kuti thupi si limene likukudyera nthawi. Imene ikutha ndi ya pa siteji podikira minibasi kuti idzaze, yophika, yochapa, yothandiza ana ntchito ya kusukulu, ya kwaya, ya mvano, ya komiti ya ukwati wa wachibale, ya misonkhano ya banki m'khonde, ndi yoyankha mauthenga a pa WhatsApp a m'magulu amene sunapemphe n'komwe kulowamo.

Za BP usazitenge mopepuka. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Matendawa sapweteka poyamba. Amawononga mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete, kenako n'kudzaonekera ngati sitiroko munthu ali pa desiki. Iwe uli ndi mwayi woti wadziwa msanga. Maphunziro ako atenga zaka zingapo, ndipo zaka zimenezo matendawa sakhala akudikira tsiku lako lovala gauni. Ndikufuna pepala la maphunziro akowo udzalilandire ukuyenda ndi miyendo yako, ndipo udzadye zipatso zake kwa zaka zambiri.

Sukufunika ndalama ya jimu, pamene fizi ikukudikira. Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndipo zitundazo n'zaulere. Madzulo pochoka ku Limbe kupita kusukulu ku Chichiri, uzitsika minibasi patali pang'ono n'kumaliza ulendo wapansi, nsapato zofewa zili kumapazi, za ku ofesi zili m'chikwama. Mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu zakwana kale 150 zija, ndipo ukhoza kuzigawa, zina m'mawa zina madzulo. Muyeso wake ndi wosavuta: uziyenda mpaka mpweya uzithamanga moti kulankhula ukutha koma kuimba nyimbo sukutha. A WHO amatinso masiku awiri pa sabata munthu azilimbitsa minofu. Kunjuta n'kudzuka kangapo, kukankha khoma ndi manja, kunyamula chidebe cha madzi, kugwira khasu pa kamunda ka kuseri kwa nyumba, zonsezi zimawerengedwa. Mvula ikayamba, chingwe chodumpha cha ana chilipo pakhonde. Koma mumdima usayende wekha. Ukatuluka m'kalasi kutada, kwera galimoto pamodzi ndi anzako. Ndipo ngati Lamlungu masana upeza amayi akusewera ntchembere mbaye pa bwalo, lowa nawo. Ndimakumbukira mmene unkalumphira pansi pa golo uli ku sekondale.

Pali china chimene ndikudziwa kuti chikuvuta mumtima ngakhale sunachitchule. Kwathu kuno mayi akanenepa timati akusamalidwa bwino, akayamba kuchepa thupi anthu amayamba kunong'onezana kuti kaya akudwala, kaya banja lavuta. Amayi ambiri asiya kuyenda poopa pakamwa pa anthu. Ukamva zoterozo, uziyankha mwaulemu kuti adokotala ndiwo analamula, basi. Amene akunong'onawo sadzakhala nawe pa mzere wa mankhwala. Ndiponso cholinga chako si kuonda. Cholinga n'chakuti BP itsike, uzikwera masitepe osapuma wefuwefu, uzigona bwino. Uzipita kukayezetsa pa masiku amene anakupatsa, ndipo akakulembera mankhwala uzimwa osadumphitsa, ngakhale ukumva bwino.

Chakudya nachonso chimasokonekera munthu akamachoka ku ntchito kulunjika m'kalasi. Njala ikakupeza pa msewu, chapafupi ndi tchipisi cha pa chiwaya, mandasi ndi chakumwa chotsekemera. Uzinyamuka ndi kako m'kontena: mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza wosathira mchere, ndi botolo la madzi. Mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale m'ndiwo, mu buledi ndi mu zokometsera za m'mapaketi. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu uzitaye kutali. Zimathamangitsa mtima, zimathawitsa tulo, ndipo mawa lake umakhala wotopa kuposa dzulo.

Tsopano za kuwerenga. Tonse tinakula tikuona anzathu akuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti achezere usiku wonse mayeso atayandikira, ndipo tinkayesa kuti kumeneko ndiko kulimbikira. Koma kuyambira mu 1885, pamene Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza pa nkhani ya kuiwala, zakhala zikudziwika kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimathawa m'maola ndi m'masiku oyamba, ndipo chimene chimazigwira ndi kuzibwereza patapita nthawi, kangapo. Akatswiri a pambuyo pake anapezanso kuti kutseka buku n'kudzifunsa mafunso kumathandiza kuposa kuwerenga tsamba lomwelo kasanu, ndiponso kuti m'tulo ndi mmene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana. Choncho wochepetsa tulo kuti awerenge akutunga madzi ndi lichero. Ola limodzi mbandakucha nyumba ili zii, tsiku ndi tsiku, liposa usiku wathunthu wa Lachisanu. Notsi za dzulo uzizionanso lero, ngakhale mu minibasi. Poyenda paja uzidzifunsa mafunso a m'mapepala a mayeso akale. Pezanso anzako awiri kapena atatu a m'kalasi amene nawonso ali pa ntchito, muzikumana Loweruka mukaweruka, muzifotokozerana. Foni ndi nyali zizikhala zotchaja nthawi zonse kuti magetsi akazima usasowe pogwira.

Ku ntchito usabise kuti uli pa sukulu. Semesita ikangoyamba, tenga ndandanda ya makalasi ndi ya mayeso ukaipereke kwa abwana, molemba. Bwana amene wadziwa kudakali miyezi itatu amatha kukonza, koma womudzidzimutsa dzulo la mayeso amamupatsa chifukwa chokanira. Lamulo lomwe lija limapatsa wantchito tchuthi cha pachaka cholipidwa, masiku osachepera 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena 15 kwa wogwira masiku asanu. Masiku amenewo uziwasungira nthawi ya mayeso. Ndipo ukakhala pa desiki uzigwira ntchito ya eniake ndi mtima wonse, popeza malipiro amenewo ndiwo akulipira fizi. Kumapeto kwa mwezi, pamene ntchito ya maakaunti imachuluka, udziwiretu kuti mabuku achepa, ndipo assignment uziiyamba tsiku lomwe wapatsidwa.

Mawu otsatirawa ndi a ife abale. Tonse tasangalala, tonse tikudikira kudzajambulitsa nawe tsiku la gauni, ena tikudikiranso thandizo ukadzakwezedwa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ngati tikufuna digiri m'banja muno, matope ake tiwaponde tonse. Alamu anga, ndikupemphani mwaulemu: masiku a kalasi mphika ndi wanu ndi ana, ndipo nsima yophika bambo imakhutitsa chimodzimodzi. Ana akula, mbale ndi mayunifolomu awo angathe kutsuka ndi kuchapa okha, anyamata ndi atsikana omwe. Achibale ena, mng'ono wangayu akakana kulowa komiti ya ukwati kapena ya chinkhoswe, musati wayamba kunyada chifukwa cha sukulu. Adzasonkha zimene angathe, adzabwera pa tsikulo, koma misonkhano ya Loweruka lililonse mumukhululukire. Maliro ndi maliro, amenewo sitikana. Zina zonse zingathe kudikira kapena kugwiridwa ndi wina.

Iwenso uphunzire kunena kuti pepani, ulendo uno sinditha. Ndikudziwa kuti mawu amenewa amakulemera pakamwa, chifukwa kuyambira uli mwana ndiwe amene unkatumidwa osanyinyirika. Padzakhalanso masabata amene zonse zidzasokonekera, mwana wadwala, ntchito yachuluka, sunayende ngakhale tsiku limodzi. Usadzataye mtima n'kunena kuti zakanika. Lolemba lotsatira udzayambirenso pomwe unasiyira.

Kumbali yanga, nazi zimene ndikulonjeza pamaso pa onse owerenga kalatayi. Ulendo wa mayi wa kuchipatala mwezi ndi mwezi ndautenga ine mpaka udzamalize. Sabata za mayeso ana azibwera kwanga. Ku misonkhano ya pabanja ndiziimira tonse awiri, ndipo wofuna kudandaula za kusabwera kwako adandaule kwa ine. Chimene ndikupempha kwa iwe n'chakuti unditumizire ndandanda yako ya semesita ino sabata ino isanathe, ndipo ukakayezetsa BP undiuze manambala ake, abwino kapena oipa.

Moni kwa alamu anga ndi ana. Mulungu akusunge ndi kukupatsa mphamvu.

Ndine,
Mkulu wako amene amakunyadira