Masiku atatu pa Dedza ndi ana awiri komanso ndalama ya banki m'khonde

Ife a m'tauni tili ndi mawu amene timakonda kunena nkhani ya tchuthi ikabuka: "Tikadzapeza bwino." Tikadzapeza bwino tidzapita ku Mangochi, tikadzapeza bwino ana tidzawaonetsa Cape Maclear. Pa Facebook timangoona anzathu ali ku Zanzibar, ena ku Dubai, ena m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean ku Greece atavala magalasi akuda. Ife timangodina kamtima, n'kubwerera ku nkhani ya lendi ndi mayunitsi a magetsi. Koma ana sadikira kuti makolo apeze bwino, iwo akungokula basi.

Ine ndi bambo akunyumba timakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo tili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 8 ndi wamwamuna wa zaka 4. Titagawana ndalama ku banki m'khonde mu Disembala, ndinapatula kagawo n'kukasunga pa foni osakakhudza mpaka sukulu zitatsekera. Titafunsa mitengo ya malo ogona kunyanja tinangoseka. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zambiri zinangokhala zoonera patali. Ndiye tinasankha Dedza, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ulendo wa minibasi imodzi.

Mlamu wanga atamva anagwira pakamwa. "Alamu, mukuti mukalipire chipinda ku Dedza? Kukazizidwa kokhakokhako? Ndalama imeneyo mutaonjezera pang'ono si thumba la feteleza limenelo?" Sananame ayi. Kumudzi kuli anthu amene amatidalira, ndipo funso lakelo linandivutitsa usiku angapo. Komabe ndinkaganizanso kuti mwana wanga wamkuluyo amadziwa mayina a mizinda ya ku America kudzera m'makatuni, koma phiri lenileni anali asanalipondepo. Feteleza tinatumiza mwezi wotsatira movutikira ndithu. Ulendo nawo tinanyamuka.

Chisangalalo cha ana chinayambira m'minibasi momwe. Titadutsa pa Nathenje, wamng'onoyo anayamba kuwerenga mbuzi. Pa Chimbiya anthu amalonda anazinga mawindo ndi tomato, nthochi ndi mbatata ya kachewere, iye n'kumafuna tigule chilichonse. Pamene phiri la Dedza linaonekera kutsogolo, mphepo yolowera pawindo inali itasintha kale. Tauni ya Dedza ili pamtunda kuposa matauni ena onse m'dziko muno, ndipo nsonga ya phirilo ndi yotalika mamita 2,198. Amene anakuuzani kuti ku Lilongwe kumazizira mu Julaye sanagonepo ku Dedza.

Malo ogona tinawapeza pa Facebook, zithunzi zake zokongola kwabasi. Titafika tinakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chipinda chinali chaching'ono, bedi lalikulu limodzi ndi matilesi apansi a ana. TV inalipo koma imangoonetsa mchenga. Ku bafa, mpopi wa madzi otentha unali chokongoletsa chabe. Bambo akunyumba anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga. Koma zofunda zinali zochapa bwino, chitseko chimakiyika, ndipo mayi amene anatilandira sanadikire kuti tidandaule. "Amayi, madzi osamba ndikutenthetserani pamoto, mungonena nthawi. Anawa ndiwabweretsera mabulangete ena awiri." Kwa munthu woyenda ndi ana aang'ono, zimenezi n'zofunika kuposa dziwe losambiramo.

Usiku woyamba magetsi anathima cha m'ma 7 koloko. Wamng'onoyo anayamba kutsokomola, mphuno zili tsekeretu, ndipo mtima wanga unapita kutali: bwanji akadwala kuno, ndalama yake ikhala iti? Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wovala chijasi chofika m'maondo, anabwera ndi mbaula. Anatiuza kuti tiothere pakhonde, tisalowe nayo m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo osadziwa kanthu. Tinakhala pakhondepo tonse anayi titafunda bulangete limodzi, mafoni atatha moto, bambo akunyumba akufotokoza nthano za kalulu zimene sindinawamvepo akunena chikwatiranireni. Mwana anagonera pamiyendo panga, m'mawa anadzuka ali bwinobwino akufunsa tiyi.

Tsiku lachiwiri ndi limene tinabwerera ku Dedza kwenikweni. Tinapangana mtengo ndi mnyamata wa galimoto yaing'ono kuti atifikitse ku Chencherere, kufupi ndi sukulu ya zankhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife. Chencherere ndi amodzi mwa malo 127 a zojambula zakale za pamiyala m'dera la Chongoni, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Taganizani, malo odziwika dziko lonse ali pakhomo pathu pomwepa, ambirife timangodutsa pa M1 tikuthamangira ku Blantyre.

Kukwera kukafika pa phanga ndi mwana wa zaka 4 si masewera. Theka la njira anayenda yekha, theka linalo anali pamapewa pa bambo ake. Bambo amene amationetsa malowo anafotokoza kuti zojambula zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, anajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene ankakhala kuno kalekale. Zoyera, zooneka ngati nyama zotambasula miyendo, n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, zina ndi gule wamkulu. Atafika pa nkhani yakuti Akafulawo ankatchedwanso Amwandionerapati, ana anatchera khutu. Akuti anali aafupi, ndipo ukakumana naye amakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru amayankha kuti, "Ndakuonerani patali." Wamng'onoyo, pokhala wamfupi m'banja lonse, anatifunsa funso limeneli mwina kakhumi tisanatsike phiri.

Funso limene linandigwira linachokera kwa wamkuluyo. Anayang'anitsitsa zojambula zoyerazo n'kundinong'oneza kuti, "Amami, ndiye kuti anajambula izi ndi azimayi?" Ndinamuuza kuti zambiri inde, agogo a agogo athu, pophunzitsa ana awo aakazi. Anakhala chete. Kenako anaona mayina amene anthu ena analemba ndi makala pamwala womwewo, nkhope n'kusintha. "Nanga awa afipitsiranji za eni ake?" Ine ndinakulira m'tauni, mwambo wa kwathu ndimaudziwa mwapatalipatali, ndipo nthawi zambiri ndimasowa poyambira kukamba naye za kumene tinachokera. Mwala uja unatiyambitsira nkhani imene mpaka lero sinathe.

Tsiku lomaliza tinapita ku Dedza Pottery, kumene amaumba makapu, mbale ndi miphika yokongoletsa. Ana anaima nthawi yaitali kuonerera dongo likusanduka kapu m'manja mwa munthu. Pamalopa pamatchuka keke ya tchizi. Tinagula chidutswa chimodzi n'kupempha mafoloko anayi, osachita manyazi. Chakudya chenicheni cha masana tinakadyera pa chiwaya kumsika: tchipisi cha mbatata yolimidwa konko, chotentha, kabichi pambali.

Kwa amene mukuganiza zoyesa, zimene zinatithandiza ndi izi. Imbani foni kumalo ogonako musanatumize ndalama, mufunse za madzi otentha, mabulangete ndiponso ngati ana amalipiridwa paokha. Tengani majuzi, zipewa ndi masokosi ngakhale kunyumba kukutentha. Tengani tochi, mankhwala a ana ochepetsa kutentha kwa thupi, buledi, shuga ndi fulasiki, chifukwa njala ya mwana sidziwa nthawi imene khitchini ya eni ake imatsegulidwa. Mtengo wa galimoto kapena kabaza muzipangana musanakwere, wopita ndi wobwerera womwe. Ndipo musadzaze tsiku ndi malo ambiri. Ndi ana aang'ono, malo amodzi pa tsiku akwana.

Sukulu zitatsegulidwa, aphunzitsi anauza ana kuti alembe za tchuthi chawo. Wanga analemba masamba awiri, za Akafula, za mlonda wa chijasi ndi za keke ya mafoloko anayi. Za TV yosagwira ntchito sanatchuleko n'komwe. Panopa pakabati pali chitini cha mkaka chimene anachiboola pamwamba yekha, n'kulembapo kuti "Mua". Anamva kuti kumunsi kwa mapiri omwewo, ukatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, kuli malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene kuli nyumba yosungiramo zigoba za gule wamkulu zambirimbiri. Chenji chilichonse chotsala pogula tomato chikumathera m'menemo, ndipo mlamu wanga uja waponyamo kale K2,000, akuti ulendo uno ana ake asatsale.