Manja a wa mafizo pa chifuwa cha mwana

Anthu akamva za mafizo amaganiza za odwala sitiroko kapena othyoka miyendo. Ine ntchito yanga yambiri ili ku wodi ya ana, kothandiza ang'onoang'ono kutulutsa makhololo otseka njira za mpweya.

Manja angawa sachiza chibayo. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 akamafika ka 40, nthiti zikulowa m'kati, amafunika mankhwala monga amoxicillin. Akabanika kwambiri amafunika okosijeni kapena makina a CPAP. Khanda lobanika ndi kachilombo ka RSV sindiliomba pachifuwa ngakhale makolo atapempha, chifukwa kuombako sikufupikitsa matendawa, ndipo kulifinya mwamphamvu kumalisanzitsa ndi kulitopetsa. Ndimangolichotsa mamina kuti lizitha kuyamwa.

Amene amandifunadi ndi mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu, moti alibe mphamvu zotsokomolera. Winanso ndi amene mbali ina ya phapo yatsekeka, kapena amene mapapo anaonongeka ndi TB ndi chibayo chobwerezabwereza. Ana oterewa amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa makhololo akangokhazikika, matenda amayambiranso.

Ndimayamba ndamvetsera pachifuwa kuti ndidziwe mbali yotsekeka. Mbaliyo imakhala pamwamba mwana akagona chammbali. Ndimayala chitenje, n'kupinda dzanja ngati ndikufuna kutunga madzi, ndiye n'kumaomba pa nthiti pokha, osafika pa fupa la msana kapena pamimba. Dzanja lopindika bwino limamveka phuphuphu ndipo silipweteka, ana ena mpaka amagona tulo. Likalira ngati khofi ndiye kuti latambasuka. Mwana akamatulutsa mpweya ndimanjenjemeretsa dzanja kuti makhololo asunthe. Akangodya kumene ndimadikira kaye, ndipo khanda sindilizondotsa, kuopa kuti mkaka ungabwerere n'kulowa m'mapapo. Wokulirapo ndimam'patsa botolo la madzi ndi kapaipi kuti azipemerera thovu. Iye amaona ngati masewera, pomwe mpweya ukudutsa kuseri kwa makhololo n'kuwakankha.

Asanatuluke m'chipatala, mayi amayeserera kuomba pachifuwa ine ndili pompo. Ndimawauza kuti: "Mayi, mukaona milomo yayamba kuda, kapena akupuma mobuula, kapena akukana bere, lekani kuomba, bwerani naye kuno msanga."