Tcheni cha njinga yamoto patsinde pa msewu wa Gorodi

Pa Chitimba msewu wa M1 umadutsa pakampata kopapatiza, nyanja kum'mawa, mapiri kumadzulo. Wochokera ku Karonga amayamba waona phiri la Chombe lili njoo pamwamba pa midzi, kenako mathandala a usipa kugombe, timagolosale, rodibuloko ya apolisi, mpaka pamphambano pomwe msewu wa Gorodi umapatukira kukwera ku Livingstonia. M'mawa pamphambanopo pamandanda a kabaza kudikira okwera: amayi a madengu a nsomba, ophunzira a pa yunivesite ya Livingstonia, ndi odwala opita kuchipatala cha David Gordon Memorial. Matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa akugwedeza nthaka, kulowera kuchitunda cha Chiweta.

Kuseri kwa mzere wa a kabazawo, patsinde pa mtengo wa mango, kuli kachisakasa ka malata komwe amakonzerako njinga zamoto. Dothi la pamenepo linada bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Masipanala amakoleka pamisomali yokhomedwa pathabwa, ndipo pa waya wina padenga pamalendewera masipuloketi otha, mano ake atapindika onse mbali imodzi. Pakona pali chitini cha palafini, mswachi wakale m'katimo, ndi mpando wa minibasi womwe makasitomala amakhalapo. Mwini malo ndi bambo wa imvi, Mtumbuka wolankhula Chichewa chomveka bwino, ndipo aliyense pamenepo amawatcha adada. Ali ndi mnyamata mmodzi wophunzira ntchito.

Tsiku lomwe ndinali pamalopo, pakati pa ma Boxer ndi ma Lifo a kabaza panaima njinga yomwe inachititsa zonsezo kuoneka zazing'ono. Inali Honda Africa Twin ya mtundu wa CRF1000L, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2016, ya injini ya 998cc, yolemera makilogalamu oposa 220 musanaikepo katundu. Mwini wake, bambo wachikulire wochokera ku Ulaya, anali atalowera pa chipata cha Songwe dzulo lake, ali pa ulendo wa ku Cape Town. Mabokosi a aluminiyamu mbali zonse ziwiri, tenti pamwamba, fumbi lofiira paliponse. Dandaulo lake linali limodzi: akachepetsa moto, kumbuyo kumamveka kuti khwa khwa khwa. Ankafuna kukwera Gorodi tsiku lomwelo, ndipo sankafuna kukwera ndi phokoso limenelo. Popeza adada sadziwa Chingerezi chambiri, ine ndinakhala womasulira.

Mnyamata uja anagwada, n'kukankha tcheni ndi chala. Chinakwera ndi kutsika motakasuka. Iye anaseka, n'kunena kuti tcheni chotere pa kabaza sichingafike n'komwe pa Chiweta, ndipo anali atatola kale sipanala.

"Taima kaye, iwe," anatero adada. "Wayeza?"

"Chikuoneka ndi maso, adada. Chakhwepa."

"Maso ako anazolowera Boxer. Bweretsa lula."

Apa mpomwe ndinakoka mpando kusendera pafupi, chifukwa ndaonapo amakaniko ambiri am'mbali mwa msewu omwe akanangokunga tchenicho n'kulandira ndalama. Adada anayamba apukuta chomata chomwe chili pafoloko yakumbuyo, chitsulo chachitali chija chimene chimagwira wilo. Pachomatapo kampani inalembapo kuti tcheni chizisewera mamilimita 35 mpaka 45, njinga itaima pa sitandi yam'mbali, injini itazima, giya ili pa fili. Kwa munthu wozolowera tinjinga ta 125cc kapena 150cc, timene tcheni chake chimasewera mamilimita 20 kapena 30, muyezo umenewu umaoneka ngati wolakwika. Koma ndi woona, ndipo adada anafuna kuti mnyamata wawo aone yekha chifukwa chake.

Anauza mlendo uja kuti akwere panjinga, katundu yense ali pomwepo, kenako anauza mnyamatayo kuti akwere kumbuyo. Njinga inatitimira. Ndiye anandiuza kuti ndikhudze tcheni. Chomwe chinkalendewera chija tsopano chinkangosewera pang'ono.

Nkhani yake ili chonchi. Sipuloketi yaing'ono ili pa injini ndipo sisuntha malo. Foloko yakumbuyo imazungulira pa bawuti yomwe ili kumbuyo pang'ono kwa sipuloketi imeneyo, osati pamalo amodzimodzi. Choncho wilo likamakwera ndi kutsika, mtunda wa pakati pa masipuloketi awiriwa umasintha. Umatalika kwambiri pamene zinthu zitatu, sipuloketi yaing'ono, bawuti ya foloko ndi ekiselo ya wilo, zafika pamzere umodzi, ndipo zimafika pamzerewo shoko ikapanikizika. Wilo lakumbuyo la Africa Twin limatha kukwera ndi kutsika mamilimita 220, kutalika koposa chikhatho cha munthu wamkulu. Njinga zonse zopangidwira maulendo a m'misewu yoipa n'zotero, kaya ndi Yamaha Ténéré 700, Suzuki DR650 kapena Kawasaki KLR650, ndipo n'chifukwa chake tcheni chake chimasiyidwa chokhwepa kuposa cha njinga za m'tauni. Ukachikunga njinga itaima yopanda munthu, ndiye kuti pa bampu yoyamba tchenicho chilibenso potambasukira. Mphamvu yonse imathera pa shafuti yotuluka m'giyabokosi. Belingi yake imadyeka, silo imayamba kudontha oyilo, mabelingi a wilo nawo amamva, ndipo shoko imalephera kugwira ntchito yake chifukwa tcheni chikuikoka.

"Tcheni chokhwepa chimadandaula, umachimva," anatero adada. "Chokungika chimapha injini mwakachetechete. Ndipo giyabokosi ya njinga iyi ikafa, pano palibe angaitsegule, ngakhale ineyo."

Sikuti tcheni cha mlendoyo chinali bwino. Chinali chitapitiriradi muyezo. Koma asanayeze, adada anauza mnyamata kuti achitsuke kaye, poti mchenga womatirira ndi girizi umanamiza lula. Mnyamatayo anafuna kutunga petulo m'botolo. Anamuletsa. Tcheni cha njinga zikuluzikuluzi chili ndi timphira tozungulira pamfundo iliyonse, tomwe timatsekera girizi m'kati, ndipo petulo amatiumitsa timphirato mpaka kung'aluka. Palafini ndi mswachi wofewa ndiye zinagwira ntchito. Analetsanso kuliza injini kuti wilo lizizungulira lokha potsuka. Anangotukula dzanja lawo, n'kupinda zala ziwiri kusonyeza zomwe sipuloketi imachita ikagwira nsanza yomwe ili m'manja mwa munthu.

Kuyeza kwake kunatenga nthawi kuposa kukonza. Njingayo inalibe sitandi yapakati, ndiye mlendo ankaikankha kutsogolo pang'ono, n'kuimika, adada n'kuyeza, kenako kuikankhanso. Amayeza kumunsi, pakati penipeni pa masipuloketi awiri: lula kutsamira pafoloko, tcheni kukankhira m'mwamba, kuwerenga, kukokera pansi, kuwerenganso. Pena anapeza 58, pena 55, pena 52. Tcheni sichitha mofanana paliponse, ndipo sipuloketi nayo siikhala yozungulira ndendende, choncho pamakhala malo ena okungika kuposa anzake. Malo okungikawo ndi amene umakonzera. Adada anaika chizindikiro cha choko pamfundo yomwe anapeza 52, n'kubwezera njinga pamenepo.

Kenako anapita kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu, n'kutsina mfundo imodzi ndi kuikokera kunja. Inasuntha pang'ono chabe. Ikanatuluka mpaka kuonetsa theka la dzino, bwenzi atauza mlendoyo kuti tcheni chatha. Anthu amati tcheni chatamuka, koma chitsulo sichitamuka ayi. Ndi timapini ta m'mfundo timene timadyeka pang'onopang'ono, ndipo kadanga kakang'ono pamfundo iliyonse kakaphatikizana pa mfundo zoposa 100, tcheni chimatalika. Anayang'ananso mano a sipuloketi kuona ngati ayamba kusongoka kapena kupindika ngati mbedza. Anali adakali bwino.

Pomasula nati yaikulu ya ekiselo, mlendo anatulutsa sipanala yake m'bokosi. Adada anaimasula pang'ono, mongokwanira kuti wilo lithe kusuntha, osati kuichotsa. Kumapeto kwa foloko, mbali iliyonse, kuli bawuti yaing'ono yokankhira ekiselo kumbuyo, ndi kanati koitsekera kuti isamasuke. Anamasula tinati tonse tiwiri, n'kupotoza bawuti yakumanzere kotala, kuzungulira njinga, kupotoza yakumanja kotala. Kuyeza. Kotala wina uku, kotala wina uko. Kuyezanso. Mnyamata anafunsa chifukwa chomwe sakupotozera kambiri nthawi imodzi, ndipo anamuyankha kuti ekiselo ikasuntha milimita imodzi yokha, pakati pa tcheni pamasintha mamilimita angapo. Ukapitirira uyenera kubweza mabawuti, kumenya tayala kuti libwerere kutsogolo, n'kuyambiranso.

Mbali zonse ziwiri za foloko zili ndi timizere toyezera, ndipo ekiselo iyenera kuima pamzere wofanana uku ndi uku. Ikapendekeka, wilo limayenda chammbali, tcheni chimadya sipuloketi mbali imodzi, tayala limatha mokhota. Adada anawerenga timizereto, koma sanakhutire nato tokha. Anagwada kumbuyo kwa njinga, n'kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana motsatira msana wa tcheni mpaka kutsogolo kuona ngati chawongoka.

Asanamange nati yaikulu anachita kanthu komwe ndinakakonda. Anapinda kansanza, n'kukaika pakati pa tcheni ndi mano a sipuloketi yaikulu, kenako anakankha njinga pang'ono kuti nsanzayo ilowe. Tcheni chinakungika, n'kukokera ekiselo kutsogolo mpaka inatsamira zolimba pa mabawuti onse awiri. Ili chitsamire choncho, anamanga nati. Buku la njingayi limati natiyo imangidwe pa mphamvu ya 100 Nm, kutanthauza ngati kukoleka makilogalamu 10 kunsonga kwa sipanala yotalika mita imodzi, kapena makilogalamu 30 pa sipanala ya masentimita 33. Pachisakasapo panalibe sipanala yoyeza mphamvu. Adada anakoka ndi mkono, osapondapo ndi phazi, osalumikiza paipi, ndipo anandiuza kuti ndimuuze mlendoyo akayezetse natiyo akafika pagalaja yomwe ili ndi chida chake. Atatseka tinati tating'ono ndi kuchotsa nsanza, anayezanso, chifukwa kumanga ekiselo nthawi zina kumakunga tcheni pang'ono. Lula inaonetsa 40 pamfundo ya choko ija. Anaponda buleki yakumbuyo kangapo kuona ngati ikugwira, kenako anadontheza oyilo wa giya, wa nambala 90, m'kati mwa tcheni, n'kupukuta wotsala kuti asaitane mchenga.

Kuchokera pachisakasapo, chiyambi cha msewu wa Gorodi chimaonekera. Ndi makilomita pafupifupi 15 kukafika pamwamba, pa Khondowe, pomwe Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, itakhala kale ku Cape Maclear kuyambira 1875 ndi ku Bandawe kuyambira 1881. Msewuwu unasemedwa m'phiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo uli ndi makona obwerera m'mbuyo pafupifupi 20, miyala yosongoka, ndi phompho kumbali. Pamsewu wotere njinga imakhala pa giya yoyamba ndi yachiwiri, moto kutsegula ndi kutseka kosalekeza, shoko kugwira ntchito mpaka kumapeto. Tcheni chimakokedwa ndi kusiyidwa mwadzidzidzi maulendo osawerengeka. Chikakhwepa mopitirira chikhoza kudumpha pa sipuloketi, ndipo chikadumpha chimatha kukola wilo kapena kuswa chivindikiro cha injini. Pali njinga zina zomwe vutoli sizilidziwa. Ewan McGregor ndi Charley Boorman, pa ulendo wawo wa Long Way Down mu 2007, anadutsa m'Malawi muno pa BMW R1200GS Adventure, yomwe imayendera shafuti m'malo mwa tcheni. Koma ambiri mwa oyenda maulendo ataliatali pa njinga amakondabe tcheni, poti chikavuta chimakonzeka pansi pa mtengo wa mango.

Mlendo atanyamuka, ine maganizo anga anatsala pa a kabaza omwe ankaonerera. Iwowa amakwera Gorodi kangapo pa tsiku, atabereka munthu, mwana ndi thumba la ufa, ndipo tcheni chawo n'chaching'ono, cha saizi 428, chopanda timphira tija. Mmodzi wa iwo anakankhira njinga yake pachisakasa nthawi yomweyo. Mabawuti ake anali atafika kumapeto, ekiselo ilibenso kosunthira, ndipo ankapempha kuti amudulire mfundo ziwiri kuti tcheni chifupike. Ndikumvetsa chifukwa chake. Tcheni ndi masipuloketi awiri ndi ndalama ya masiku angapo, ndipo mwini njinga amadikira yake madzulo alionse. Komabe kudula mfundo sikubweza timapini todyeka, ndipo wokwera kumbuyo sadziwa n'komwe kuti moyo wake uli pa tcheni chotere. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ena mwa okwerawo ndi odwala.

Adada anatsina mfundo kumbuyo kwa sipuloketi ya wa kabazayo, ndipo inatuluka mpaka dzino lonse linaonekera.

"Ichi sindidula, mwana wanga," anatero. "Pita ukagule seti yonse, tcheni ndi masipuloketi ake. Ukaika chatsopano pa mano awa, mwezi sutha. Ndalama yomangira udzandipatsa Loweruka."

Wa kabazayo anadandaula kuti bwana wake sangalole. Adada anamuuza kuti amuimbire foni pompo, alankhule naye okha, ndipo anauza mnyamata wawo kuti ayambe kumasula chivindikiro cha tcheni.